Ngalande za Padenga: Gulani Zimene Mungathe Kukonza Nokha

Alimi anzanga, nyengo ya misika ikafika ndipo ndalama za zokolola zaloŵa m'thumba, ambiri a ife timayamba kuganiza za nyumba. Wina amafuna kuchotsa udzu n'kufolera malata, wina amafuna kupaka simenti pansi, ndipo amene anafolera kale amaganiza zoika ngalande m'mphepete mwa denga kuti azikolola madzi a mvula. Lero ndifuna kulankhula ndi aŵa a ngalande, makamaka inu a pa chilumba cha Likoma ndi cha Chizumulu, ndiponso inu amene mukulima pa maesiteti a kumtunda koma mukutumiza ndalama kwanu kuti akumangireni nyumba.

Masiku ano pali mitundu iŵiri ya ngalande imene anthu akukambirana. Mtundu woyamba ndi uja tinauzoloŵera, wa zidutswa zolumikiza, za malata kapena za pulasitiki. Mtundu wachiŵiri ndi wa ngalande yopanda msoko, imene imayenda kuchokera ku ngodya ina ya nyumba kukafika ku ngodya inzake popanda polumikiza. Ana athu amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Cape Town anaziona ngalande zimenezi pa nyumba za kumeneko, ndipo ena akamatumiza ndalama amalamula kuti nyumba yao ikhale nayo yotere. Maganizo anga ndi akuti kwa mlimi wa pa Likoma ngalande yolumikiza ndiyo yoyenera, ndipo ndalama yotsalayo aigwiritse ntchito pogula kapena pomanga thanki. Ndifotokoza zifukwa zake, ndipo sindibisa zabwino za mtundu winawo.

Chifukwa chiyani ngalande pakati pa nyanja?

Munthu wa kumtunda angaseke kumva kuti anthu okhala pakati pa nyanja akudandaula za madzi. Koma inu amene mumakhala kuzitunda, kutali ndi gombe, mukudziŵa kulemera kwa ndowa pokwera mtunda wa miyala, ndipo amene amaisenza ndi amayi ndi ana asukulu. Ndiponso madzi a m'mphepete mwa nyanja, pamene anthu amasambapo, kuchapapo ndi kutsukirapo nsomba, si madzi akuti munthu angomwa osaŵiritsa. Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja anavutika kwambiri. Likodzo nalonso limagwira anthu amene amaloŵa kaŵirikaŵiri m'madzi osaya momwe muli nkhono.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 14,527 m'boma la Likoma, ndipo ambiri mwa iwo ali pa chilumba cha makilomita 18 okha m'bwalo lake lonse. Anthu akachuluka pa malo ochepa chotere, madzi abwino amasanduka chuma.

Tiyeni tiŵerengere pamodzi. Mvula ya milimita 1 ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapereka lita imodzi ya madzi. Nyumba ya mamita 8 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi ili ndi denga lophimba malo okwana 48 otere. Tsono mvula ya milimita 25, imene ingathe kugwa masana amodzi mu Januwale, imatsitsa malita 1,200 pa denga limenelo. Ameneŵa ndi migolo 6 ya malita 200, kapena ndowa 60 za malita 20. Ngakhale ena atayike, migolo isanu mudzaipeza. Popanda ngalande madzi onseŵa amagwera pakhonde, amanyoŵetsa khoma, amafukula maziko, ndipo kenaka amakokolola dothi lathu losaya kupita nalo kunyanja. Nyumba za zidina zambiri sizigwa chifukwa cha mphepo ai, zimagwa chifukwa madzi a padenga anadya tsinde la khoma chaka ndi chaka.

Motero ngalande si chokongoletsera. Funso n'lakuti tigule iti.

Ngalande yopanda msoko

Ngalande imeneyi siigulidwa yopangidwa kale m'sitolo. Amisiri ake amabwera panyumba ndi makina aakulu pa galimoto, pamodzi ndi mpukutu wa chitsulo chopepuka cha aluminiyamu chopakidwa kale utoto. Amayeza khoma, makinawo n'kupinda chitsulocho, ngalande n'kumatuluka yaitali monga mwa muyeso wa nyumbayo. Ubwino wake ndi woonekeratu. Ngalande iliyonse imayamba kudontha polumikiza, ndipo zinyalala zimakodwa pomwepo. Tsono ngati polumikiza palibe, mavutoŵa amachepa. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira monga malata, ndi wopepuka, ndipo nyumba imaoneka bwino ndithu. Zimenezi n'zoona, ndipo amene anganene kuti ngalandeyi njachabe akunama.

Koma funsani mafunso atatu. Loyamba, makinawo afika bwanji pa Likoma? Pafupifupi chilichonse chomangira nyumba chimaoloka nyanja, kuchokera ku Nkhata Bay pa sitima kapena pa boti. Sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951, yasenza malata, simenti ndi matabwa a nyumba zambiri za pachilumba. Kuti mmisiri aoloke ndi makina ake ndi antchito ake, muyenera kulipira ulendo wobwera ndi wobwerera, malo ogona ndi chakudya cha masiku onse amene adikire chombo. Zonsezi n'chifukwa cha ngalande ziŵiri za mamita 8.

Wina anganene kuti, bwanji osaipangira kumtunda komweko n'kuikweza yathunthu? Amene anakwerapo sitima tsiku lodzaza adziyankha yekha. Chitsulo chopyapyala chotalika mamita 8 chidzayenda pakati pa matumba a chimanga, mitolo ya nkhuni ndi madengu a usipa, ndipo chidzatsitsidwa ndi manja a anthu ofulumira. Chikangopindika pamodzi, madzi adzaima pamenepo mpaka kalekale. Mukachidula paŵiri kuti chiyende bwino, mwagula ngalande yolumikiza pa mtengo wa yopanda msoko.

Funso lachiŵiri, ikaonongeka adzakonza ndani? Mwera ukaomba pakati pa Meyi ndi Ogasiti umathyola nthambi za mango, ndipo mkuntho wa mvula yoyamba umasasula ndi malata omwe. Nthambi ikagwera ngalande yolumikiza, mumachotsa chidutswa chimodzi n'kuikapo china. Ikagwera yopanda msoko, muyenera kuitananso makina aja kuti apange utali wonse, apo ai muike chigamba, ndipo chigambacho ndi msoko womwe munkauthaŵa. Aluminiyamu saotchereka ndi zipangizo za amisiri athu osula ndowa, ndiponso mapindidwe ake sangafanane ndi chidutswa chopindidwa pamanja.

Funso lachitatu, kodi dzina lakuti yopanda msoko likunena zoona zonse? Ai. Pa ngodya pali polumikiza, kumapeto konse kuŵiri kuli zotsekera, ndipo pamene paipi yotsitsa madzi ikuyambira pali polumikizanso. Malo ameneŵa amamatidwa ndi mankhwala omatira amene amauma ndi dzuŵa pakapita zaka. Kukwera makwerero kukayang'ana simudzakuleka.

Palinso mfundo ina imene ogulitsa sainena. Ku Durban kapena ku Beira mpweya uli ndi mchere wa nyanja yaikulu, ndipo malata amadyeka msanga. Kumeneko aluminiyamu ali ndi phindu lalikulu. Nyanja yathu ilibe mchere wotero. Ngalande ya malata abwino, yotsetsereka bwino, yosagona ndi matope, imakhala zaka zambiri pa Likoma. Paja akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Nyerere za ngalande iyi kuno kwathu ndi ulendo wa panyanja.

Kodi palibe amene ingamuyenere? Alipo. Ngati sukulu, chipatala kapena malo ogona alendo akumanga nyumba zambiri nthaŵi imodzi, mtengo woolotsa makina umagaŵika pa madenga ambiri, ndipo nkhani imasintha. Mukamva kuti makina afika pachilumba pa ntchito yotere, palibe cholakwa kufunsa mtengo. Koma musaŵaitanitse pa nyumba yanu yokha.

Ngalande yolumikiza ndi zofooka zake

Ndisakunamizeni, ngalande yolumikiza imadontha ikaikidwa mosasamala, ndipo zambiri zimene timaziona m'midzi zinaikidwa choncho. Tonse taonapo ngalande yolendeŵera pa waya, yodzaza masamba, udzu utamera m'kati. Mwini wake amati ngalande n'zachabe, chonsecho cholakwa ndi kaikidwe. Zolakwa zake n'zoŵerengeka ndipo zonse zili ndi mankhwala.

Choyamba ndi kuchuluka kwa malo olumikiza. Pa khoma la mamita 8, zidutswa za mamita 2 zimafunika zinayi, ndipo malo olumikiza ndi atatu. Zidutswa za mamita 4 zimafunika ziŵiri, polumikiza n'pamodzi pokha. Motero gulani zidutswa zazitali monga mmene boti lingathe kunyamulira bwino, zoloŵetsana china m'chinzake ndi zomangidwa pamtolo umodzi. Mukatero mwapeza gawo lalikulu la ubwino wa ngalande yopanda msoko popanda kuitana makina.

Chachiŵiri ndi kupyapyala kwa chitsulo. Kumbukirani kuti pa malata nambala ya geji ikakhala yaikulu, chitsulocho n'chopyapyala. Geji 32 ndi yopyapyala kuposa 28, ndipo 28 ndi yopyapyala kuposa 26. Ngalande imasunga chinyezi nthaŵi yaitali kuposa denga, choncho musatsike kupitirira 28, ndipo mukapeza 26 tengani imeneyo.

Chachitatu ndi kutsetsereka. Ngalande yoikidwa mofanana konsekonse imasunga madzi, madziwo amabala dzimbiri ndi udzudzu. Mangani chingwe kuyambira kumene madzi ayambire kufikira kumene kuli mgolo, ndipo chitsike sentimita imodzi pa mita iliyonse, kapena theka lake ngati thabwa la m'mphepete mwa denga n'lochepa. Pa mamita 8 ndiye kuti kutsika kwa masentimita 4 mpaka 8. Zogwirizira zikhomedwe motsata chingwecho, zisatalikirane kupitirira mita imodzi, ndipo pafupi ndi polumikiza paliponse pakhale chogwirizira. Madzi ndi olemera: lita imodzi ndi kilogalamu imodzi.

Chachinayi ndi kalumikizidwe. Chidutswa cha kumtunda chigone pamwamba pa cha kumunsi, monga momwe malata amagonerana padenga, ndipo ziloŵane masentimita 8 kapena 10. Zigwirizidwe ndi marivete ndi kumatidwa ndi silikoni. Kale amisiri ankaotcherera ndi chitsulo chosakaniza mtovu, koma lero tikudziŵa kuti mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. Ngati madziwo mudzamwa, muuzeni mmisiri wanu kuti mtovu usayandikire, ndiponso utoto wakale wosadziŵika usapakidwe m'kati mwa ngalande.

Nanga za pulasitiki? Sizichita dzimbiri, n'zopepuka pa boti, ndipo zidutswa zake zimaloŵana popanda kuotcherera. Koma pulasitiki amatanuka kukatentha ndi kufupika kukazizira, kuposa malata kangapo, motero pamafunika kusiya mpata polumikiza monga anenera opanga. Yotsika mtengo imauma ndi dzuŵa n'kuyamba kuthetheka. Alimi ena amagula paipi ya pulasitiki ya mamilimita 110, imene imagulitsidwa yotalika mamita 6, n'kuing'amba m'litali. Imagwira ntchito pa denga laling'ono, koma pa denga lalikulu imasefukira mvula ikalimba. Amene alibiretu ndalama chaka chino angathe kupinda lata lakale losabooka ngati chilembo cha V, n'kuyamba ndi mbali imodzi ya nyumba. Kuyamba pang'ono kuli bwino kuposa kudikira.

Ndalama yeniyeni ipite ku thanki

Apa ndiye pagona nkhani. Ngalande imangolondolera madzi, siisunga. Banja la anthu 6 limene likumwa ndi kuphikira malita 5 munthu aliyense pa tsiku limatha malita 30. Mgolo umodzi wa malita 200 sutha ndi sabata yomwe. Koma thanki ya malita 5,000, itadzaza pamene mvula ikutha mu Epulo, ingalifikitse banjalo masiku oposa 160, ndiko kuti mpaka mu Seputembala, ngati madziwo akusungidwira kumwa ndi kuphika kokha. Munthu amene wathera ndalama zake pa ngalande yonyezimira n'kuika mgolo umodzi pansi pake adzaona madzi akusefukira mu Febuluwale, ndipo mu Juni mkazi wake adzakhala ali pa njira ya kunyanja ndi ndowa monga kale.

Choncho poŵerengera ndalama yambani ndi chosungiramo, kenaka paipi, ndipo ngalande ikhale yotsiriza. Ngati thanki ya pulasitiki yakukanikani, ganizani za ya njerwa ndi simenti, kapena onjezani mgolo umodzi chaka chilichonse. Mutu umodzi susenza denga: alimi a kalabu imodzi angathe kuitanitsa simenti, mapaipi ndi ngalande pamodzi, mtengo wa boti n'kugaŵana, ndi kulemba mmisiri mmodzi kuti ayende nyumba ndi nyumba.

Pa migolo ndichenjeze mwamphamvu, chifukwa ife alimi ndife amene timalakwa pamenepa. Mgolo kapena chigubu chimene munali mankhwala ophera tizilombo a thonje, a fodya kapena a m'nkhokwe chisasungire madzi akumwa, ngakhale mutachitsuka kangati. Chimodzimodzi migolo ya mafuta a injini za maboti.

Kwa inu a pa maesiteti

Inu amene mukukhala pa esiteti m'nyumba yosakhala yanu, ngalande yolumikiza ili ndi ubwino wina. Mukaimanga ndi zogwirizira zomasula, tsiku lochoka mumaimasula, kuimanga pamtolo ndi kupita nayo kwanu, kumene ingathe kufupikitsidwa kapena kuonjezedwa malinga ndi nyumba yatsopano. Yopanda msoko inapangidwira khoma limodzi basi. Koma musanakhome kanthu pa nyumba ya eni, gwirizanani nao pamaso pa mboni, ndipo ngati n'kotheka zilembedwe kuti ngalandeyo ndi mgolowo n'zanu. Milandu yambiri ya pochoka imayamba ndi zinthu zazing'ono zotere.

Ndipo inu amene mukutumiza ndalama kwanu ku Mbamba, ku Nkhwazi, ku Makulawe kapena ku Chizumulu, kumbukirani amene akukhala m'nyumbamo. Kaŵirikaŵiri ndi makolo okalamba, kapena mayi ndi ana. Ngalande ikayamba kudontha mu Januwale inu muli kutali, iwo ayenera kupeza munthu wa m'mudzi momwemo woti aikonze tsiku lomwelo ndi zipangizo zopezeka pafupi. Musaŵasiyire chinthu chimene wochikonza wake ali tsidya la nyanja. Pogula onjezani chidutswa chimodzi ndi zogwirizira zingapo zapadera, zisungidwe kudenga.

Kusamala kwa chaka ndi chaka

Mtundu uliwonse umene mungasankhe, ntchito iyi siithaŵika. Mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, mvula isanagwe, kwerani ndi kuchotsa masamba a mango ndi a mlambe, fumbi ndi zitosi za mbalame. Thirani ndowa imodzi ya madzi kumtunda kwa ngalande, mnzanu aime pansi aone pamene pakudontha ndi pamene madzi akuima. Konzani pomwepo kudakali kouma, pakuti silikoni sagwira pa chitsulo chonyowa. Ngati nkhungu zatera pamudzi n'kufera padenga, sesaninso, chifukwa zikaolera m'ngalande madzi amanunkha.

Madzi a mvula yoyamba musaŵaloŵetse m'thanki. Patutsani paipi kuti atsuke denga, apite ku nthochi kapena ku dimba. Ndiponso mvula ikabwera patapita masiku ambiri a dzuŵa, tayani ndowa ziŵiri kapena zitatu zoyamba. Pakamwa pa paipi ikani sefa ya waya, ndipo thanki ikhale yovundikira bwino kuti udzudzu usaswane, kuŵala kusaloŵe, ndiponso ana asagweremo. Madzi a padenga ndi oyera m'maso, komabe akumwa aŵiritseni kapena athireni kolorini monga amalangizira azaumoyo. Madzi osefukira m'thanki muŵakumbire kanjira kopita ku dzenje la nthochi kapena la mapapaya, kutali ndi maziko ndi chimbudzi.

Inu amene mudakali m'nyumba ya udzu, musataye ndalama pa ngalande panopa. Madzi a pa udzu amatuluka ofiirira ndipo ambiri amamwerera m'dengamo. Sungani ndalama ya malata poyamba, ndipo pofolera muuzeni mmisiri aike thabwa loongoka m'mphepete mwa denga, kuti tsiku loika ngalande lisadzakuvuteni.

Tchalitchi chachikulu cha St Peter ku Chipyela, chimene anayamba kumanga mu 1903, chinamangidwa kwakukulu ndi miyala ya pachilumba pomwepa ndi manja a anthu a konkuno, ndipo chaima mpaka lero chifukwa mibadwo yonse yakhala ikuchikonza. Nyumba ya pachilumba imakhalitsa ngati okhalamo angathe kuisamala okha. Tsono mukalandira ndalama zanu ku msika chaka chino, yezani denga lanu, ŵerengerani thanki poyamba, gulani zidutswa zazitali za geji yabwino, ndipo zonse zikhale zitaoloka nyanja ndi kukhomedwa Novembala asanathe. Ngati pali chimene simunamvetse pa kayezedwe, funsani alangizi a dera lanu musanapereke ndalama kwa wina aliyense.